Chingwe Chimene Saidi Sanadule

Ana inu, kodi makutu angawa ndiwaike kuti? Chiyambire m'mawa muja mukungokangana za filimu imene munaonera pafoni ya Takondwa, pamene mpunga ndinakuuzani kuti muziuyang'anira pamkekapo nkhuku zauyesa wawo. Mphatso, taingitsa nkhukuzo. Iwe Takondwa, mtengo watsitsa kudengawo uuike pansi bwinobwino, ndipo chingwe chakecho usachikoke. Ndamva, wautsitsa kuti uonetse anzako kuti ukufanana ndi umene amamangira akapolo m'filimumo. Sukungofanana ayi. Limeneli ndi goli, ndipo khosi limene linalowa mmenemo ndi lomwe mukulionali.

Mwakhala chete tsopano eti? Musanditong'olere maso, sindinagulitsidwepo ine, ukalamba wanga sunafike pamenepo. Linali sewero. Koma ndakhala ndikukumvetserani ndili pampando pano. Mphatso akuti filimuyo ndi yabodza, chifukwa kapolo sangapalane ubwenzi ndi munthu womulondera ndi mfuti. Takondwa akuti nkhondo yake inachepa, amafuna magazi ambiri, mwana wopanda chisoni iwe. Koma amene wandimaliza ndi Chisomo. Anagona filimu ili pakati, malovu chuu pamkono, lero ndiye akukuwa kuposa nonse kuti inatha moipa. Anthu otere ndimawadziwa bwino. Anthu otere anandilanda mnzanga, n'kundimananso mawu ena amene ndakhala ndikuwadikira mpaka imvi zino. Khalani pansi, nkhukuzo muziziona ndi diso limodzi.

Mnzangayo dzina lake anali Saidi. Tinakulira limodzi kuno ku Lifuwu, iye mwana wa msodzi wa Chisilamu, ine mwana wa mlimi wa kumpingo. Tinadziwana m'munda wa mpunga tikupirikitsa mbalame. Inu ntchito imeneyi mumaiyesa chilango, mumapita ndi foni n'kukakhala pamthunzi mbalame zikuchita phwando. Ife tinkamanga zitini pachingwe chachitali, kuikamo timiyala, ndiye ukakoka kuno munda wonse unkalira mpaka kumalire. Mfundo zake ankamanga ndi Saidi, poti mfundo ya mwana wa msodzi simasuka chisawawa. Ine ndinali katswiri wa legeni, ngakhale agogo anu aakazi akanakhala moyo akanatsutsa. Iwo aja ankatsutsa chabwino chilichonse chimene ndanena cha ine mwini.

Mwezi wa Ramadani ukafika, Saidi ankasala tsiku lonse. Ine ndinkangosala kanthawi koyenda kuchokera kwathu kukafika kwawo, n'kukakhala pakhonde kudikira futali wa mayi ake. Futali weniweni, ana inu, wa mbatata ndi nsinjiro zosinja mumtondo, osati zakuchigayo zonunkha dizilo zimene mumandipatsazi. Pa Khirisimasi iye ankabwera kwathu. Tsiku lina tinazemba, kuyenda wapansi mpaka ku boma kuti tikangoona sitima ya pamtunda. Tinaiona, tinaigwira ndi kuigwira komwe, tinabwera mapazi atatupa, aliyense n'kukwapulidwa kwawo. M'mawa mwake tinakumana m'munda kuonetsana mizere yakumsana, kuti wamenyedwa kwambiri ndani.

Titakula iye anatenga bwato la bambo ake, ine ndinapeza ntchito ya udobi pahotela ina ku Senga Bay. Udobi, Chisomo, ndi kuchapa ndi kusita, usaseke, ndi umene unaphunzitsa mayi ako sukulu. Simbi yake inali yamakala, ya katambala pamwamba, yolemera moti madzulo mkono unkachita dzanzi. Unkayenera kuiyesa ndi malovu pachala, ndipo kamoto kamodzi kakangothothokera pamalaya a mlendo, tsiku lako latha. Lero muli ndi simbi zamagetsi zongodina ndi chala, koma mumayenda m'misewu ngati zovala zanu zatafunidwa ndi ng'ombe. Kaya ndi fashoni, kaya ndi ulesi, ine sindidziwa.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Masiku ano mumagula nkhuku yososola kale, youma gwa m'pepala la pulasitiki, osadziwa n'komwe amene anaizinga. Kale kuno, pakhomo pa Mkhristu pakakhala ukwati, maliro kapena mlendo, mbuzi kaya nkhuku sitinkazinga tokha. Tinkaitana Msilamu kuti azinge, n'cholinga choti anansi athu a kumzikiti adye nawo mopanda chikaiko. Palibe anatilamula, chinali chikhalidwe chabe cha anthu opemphana moto. Ndipo wozinga wa dera lonse lino anali Saidi. Anali ndi dzanja lopepuka, chiweto sichinkazunzika. Mpeni wake aliyense ankaudziwa, chigwiriro chake chinali chokulunga ndi mphira wofiira wa chubu cha njinga. Akaugwira, asanaufikitse pakhosi pa mbuzi, ankati, "Bisimilahi."

Mawu amenewa amangotanthauza kuti m'dzina la Mulungu. Ine ndinkadziwa kuti Saidi amawanena pa chilichonse chimene akuchiyamba ndi mtima wabwino. Pokwera bwato ankawanena, poyamba kudya ankawanena. Tsiku limene mayi anu anatuluka m'chikuta, titamupatsa kuti anyamule mwana, anatambasula manja n'kunena mawu omwewo, ndipo mayi anuwo anamuthokoza pomukodzera pamkanjo. Koma anthu ambiri a kumpingo kwathu sankadya naye mbale imodzi, sankakwera naye bwato. Iwo mawuwa ankawamva malo amodzi okha, kuseri kwa nyumba, mbuzi itagonekedwa pansi.

Chaka china, mayi anu akuyamba kumene kuyenda, pasukulu yathu panabwera mphunzitsi wachinyamata, a Chimphepo, wokonda zisudzo kuposa choko. Anati pa tsiku la makolo akufuna sewero la nthawi ya ukapolo, ndipo sakufuna ana omata ndevu za thonje, akufuna amuna enieni. Anatipeza ine ndi Saidi tikumwa tiyi patiyirumu, kapu imodzi tikulandizana chifukwa inayo inali yosweka. Anati, "Inu awiri ndiye sewero langa mwalisewera kale theka." Tinavomera moseka, tinkaona ngati ndi zocheza.

Nkhani yake inali yotere. Ine ndinali mlimi wogwidwa kumudzi kwake kumtunda, akunditengera kunyanja kuti akandiolotse. Saidi anali mlonda wonyamula mfuti, koma nayenso anali kapolo, anamugula ali mwana moti kwawo sankakukumbukanso. M'njira mlondayo amayamba kundipatsa madzi mobisa, kundizula minga kuphazi, mpaka timayamba kuitanana maina. Kenako nkhondo imabuka, asilikali amaukira linga la mwini akapolo. Mwiniyo ataona kuti zavuta, amalamula mlonda kuti aphe akapolo onse asanathawe. Mlonda amasolola mpeni, kubwera kwa ine nditagwada m'goli, oonerera n'kumaganiza kuti ndatha basi. Koma iye amadula chingwe. Ukumva Mphatso? Amadula chingwe.

Goli ili anasema ndi Saidi. Anayendayenda m'tchire kusaka mphanda yopepuka, ndipo taonani apa, nsanza zakudazi zinali chitenje cha mkazi wake, anakulunga kuti mtengo usandisupule khosi. Chingwechi anapota yekha ndi khonje, n'kumanga mfundo yake ija, koma anasiya mpata woti mutu uzilowa ndi kutuluka. Poyeserera sitinkadula, kupota khonje ndi ntchito. Ndiponso sankabwera ndi mpeni, ankatola phesi la chimanga n'kumachita ngati akucheka. Munthu atagwira phesi satchula dzina la Mulungu, choncho palibe amene anaganizapo kanthu.

A Chimphepo sanatilembere mawu. Ankangotiuza kumene nkhani ikupita, mawu tinkapeza tokha. Pamapeto penipeni, chingwe chitaduka, ine ndinayenera kuimirira, kuyamba kuthawa, kenako kutembenuka ndi kumufunsa kuti, "Nanga iwe?" Chifukwa ine ndinali ndi mudzi wothawirako, iye analibe, ndipo mbuye wake sakanamusiya ndi moyo. Yankho lake ndilo linali lotsekera sewero lonse. Koma nthawi zonse tikafika pamenepo, Saidi ankangoseka n'kutaya phesi lija.

"Tayankhatu, mwamuna iwe," ndinkatero.

"Yankho ndili nalo, ndinalipeza ndili panyanja. Udzalimva tsiku lomwelo."

"Ndiuzeko pang'ono, ndidziwe mmene ndidzaikire nkhope."

"Ndikakuuza lero udzalira kawiri. Ndipo iwe Yonamu ukamalira umaoneka ngati kampango."

A Chimphepo anamunyengerera, ine ndinamulonjeza kumusitira mkanjo wa pa Idi ulere, koma anakanitsitsa kwamtuwagalu.

Tsikulo linafika m'nyengo yotentha, mango akuyamba kumene kupsa. Pabwalo la sukulu panadzaza anthu, a kumpingo mbali iyi, a kumzikiti mbali iyo, osati chifukwa cha udani, munthu amangokhala pamene pali omudziwa. Bwana wanga wa kuhotela anabweranso ndi alendo achizungu angapo, atafiira psuu ndi dzuwa. Poyamba zinayenda bwino zedi. Pamene Saidi ankandimwetsa madzi ndi chikho akuyang'ana uku ndi uku, amayi ankapukuta misozi ndi zitenje. A Chimphepo, amene ankasewera mwini akapolo atavala mkanjo wobwereka, ana anawagenda ndi mango osapsa. Nkhondo itayamba, anyamata anamenya malata ndi ng'oma kuseri kwa kalasi, fumbi koboo, agalu kuuwa, makanda kulira. Takondwa, iwe ukanakhuta nayo nkhondo imeneyo.

Ndiye ndinagwada. Saidi anabwera pang'onopang'ono n'kusolola mpeni. Silinali phesi. Ankafuna kuti chingwe chiduke kamodzin'kamodzi, choncho anatenga mpeni wakuthwa umene anali nawo, wa mphira wofiira uja. Anthu anauzindikira, bwalo lonse linangoti zii. Anaima kumbuyo kwanga, dzanja lamanzere anagwira chingwe pafupi ndi khosi langa, ndipo pakamwa pake panatuluka chimene chinkatuluka masiku onse akamayamba chinthu chabwino.

"Bisimilahi."

Sanakuwe ayi. Koma kunali chete moti anamva ndi akumbuyo omwe.

"Mayo ine! Akumuzinga!" anakuwa mayi wina.

Mnyamata wina amene anali mumtengo analira ngati mbuzi, "Meee!" anzake n'kuphulika nako kuseka. A Gwaza, mkulu wa mpingo wathu, anaimirira ndodo ili m'mwamba. "Siyani zimenezo! Mkhristu wasanduka mbuzi liti? Pamaso pathu pomwe?"

Kumbali inayo a Shehe nawonso anali ataima. "Dzina la Mulungu si la pazisudzo! Che Saidi, mwatani kodi?"

Anthu anadzuka, kulozana zala, amayi kukoka ana awo. Ine ndili chigwadire ndinanong'ona, "Dula, Saidi, dula msanga aone." Akanangodula! Kukoka kamodzi kokha, aliyense akanaona kumene nkhani imapita. Koma ndinamva dzanja lake likuchoka pakhosi panga. Nditacheuka ndinamuona akuyang'ana mpeni uja ngati sakuudziwa. Anaubweza m'chimake n'kudutsa pakati pa anthu osayang'ana aliyense, kulowera kunyanja. Ine ndinatsala pakati pa bwalo ndi mtengo pakhosi, mpaka ndinazula mutu ndekha pampata uja anandisiyira. Azungu aja anaomba m'manja mwamphamvu. Ankaganiza kuti chipwirikiti chonsecho ndi mbali ya sewero.

M'mawa mwake ndinamupeza Saidi kudoko akusoka ukonde umene sunali wong'ambika. Ndinakhala pamchenga pafupi naye.

"Unawaneneranji mawu aja?"

"Sindinawamve akutuluka," anatero. Anasoka pang'ono n'kuima. "Ndimapita kukamasula munthu, Yonamu. Pali chinanso choyenera dzina la Mulungu kuposa chimenecho?"

Ndinati anthu apsa mtima chabe, ziphwa.

"Kupsa mtima kwawo sikukundivuta. Mayi anakuwa uja ndamuzingira mbuzi pa ukwati wa mwana wake, ndinanyamula nawo maliro a amuna ake. Sanakuwe mwa sewero ayi, ndinamva mawu ake. Anakhulupirira kuti ine ndingakuzinge iwe."

Ndinangogwira ukonde mbali inayo kuti uongoke.

Mmene mumakanganira m'mawa muja, ndi mmene dera lonse linakanganira mpaka mvula inagwa, tinadzala, tinapalira. Aliyense anasanduka katswiri wa zisudzo, ndi amene sanabwere omwe. A Gwaza ankati seweroli laulula zimene anzathuwo amatiganizira mumtima. Ena a kumpingo komweko ankati ayi, vuto lake ndi loti linamukometsa mlonda, munthu wa mfuti sangamwetse kapolo madzi, ngati mmene wanenera iwe Mphatso. A Shehe, amene anali munthu wofatsa ndipo ndinkawalemekeza, anafunsa funso limene palibe analiyankha. Anati, "Wogula anthu mwamuveka mkanjo. Nanga amene ankagulitsa ana a alongo awo simunawaonetse bwanji? Iwowo ankavala chiyani?" Ahedi a pasukulupo anadandaula kuti Saidi anaiwala kuvula wotchi, pamene nthawi ya ukapolo alonda analibe mawotchi. Mkulu wina wa kutauni amene anadzaonerera anapukusa mutu n'kunena kuti sewero linali labwino koma linalibe mathero. Ndinafuna kumumenya ndi goli lomweli.

Agogo anu aakazi nawo anaikapo mlomo, anati sanandionepo ndikugwada bwino choncho ngakhale kutchalitchi. Amene anakondwa anali bwana wanga yekha. Anati tizikasewera kuhotela Loweruka lililonse, alendo azijambulitsa atavala goli. Ndinawauza mwaulemu kuti ine ndinalembedwa ntchito yosita.

Koma amene anandilasa mtima anali gogo wina wa kuseri kwa sukulu, amene ndinakumana naye panjira atasenza nkhuni. Anandiimitsa n'kunena kuti, "Mwana wanga, mudzi uno tonse timadziwa amene agogo awo anabwera ndi miyendo yawo, ndi amene anabwera ndi chingwe. Timadziwa, koma timakwatirana chifukwa sitinena. Inu mwatenga chingwecho n'kuchiyanika pabwalo." Anapitiriza ulendo ndi nkhuni zawo. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalakwa kapena ayi.

Kunachitika msonkhano pansi pa mango a pasukulu. Ndinaimirira, ndinafotokoza zonse, za phesi, za chingwe, za tsiku limene Saidi ananyamula mayi anu. Ndinawapempha kuti, "Tiloleni timalize, ndi kanthawi kochepa chabe, muone nokha kumene mpeni uja umapita." A Gwaza anati zimene anaona zakwana. A Shehe anati ndi bwino nkhaniyi igone. Kwa nthawi yoyamba akulu awiriwa anagwirizana chimodzi, chakuti seweroli lisachitikenso. Anagwirana chanza, anthu anaomba m'manja, ndipo a Chimphepo anapempha kusamuka chaka chisanathe.

Akuluakulu anakhululukirana msanga poti iwo sanataye kanthu. Katundu yense anagwera Saidi. Ana akamuona panjira ankalira "meee" n'kuthawa. Amayi ankaopseza ana osamva kuti tikuitanira Che Saidi. Mbuzi za maukwati zinayamba kupita kwa anthu ena. Pa Khirisimasi ndinanyamula tambala wanga kupita naye kwawo monga mwa zaka zonse, dala kudutsa pamsewu kuti anthu andione. Anamuyang'ana tambalayo, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Pita naye kwa achimwene anga, mnzanga. Ine lero dzanja silili bwino." Kudya anabwera ndithu, koma nthabwala zake anazisiya kunyumba.

Mpunga utakololedwa anagulitsa bwato n'kusamukira kwawo kwa mkazi wake ku Khombedza, kukagulitsa usipa wouma pamsika. Munthu wodziwa nyanja ngati khonde la kwawo, kukakhala pamphasa kumaingitsa ntchentche! Ndinamuthandiza kukweza katundu palole. Injini italira anandigwira mkono.

"Goli lija usaotche, Yonamu. Sitinamalize."

"Ndiye ndiuziretu yankho lija."

"Palole? Mawu amene aja si a palole."

Musaganize kuti sitinaonanenso. Tinkaonana. Ndikapita ku Khombedza ankandidzazira usipa m'thumba, tinkakhala pabenchi kukamba za mvula, za ana, kenako zaka zitapita tinkakamba za mawondo ndi mano. Ndikangoyamba kuti, "Paja sewero lija," iye ankati, "Anthu aiwale kaye." Anthu anaiwala. A Gwaza anamwalira, a Shehe anamwalira, mnyamata wolira ngati mbuzi uja lero ali ndi adzukulu ake ndipo amandipatsa moni atagwira chipewa m'manja. Ndiye zinayamba kuoneka zochititsa manyazi kuti nkhalamba ziwiri zikagwade pabwalo ndi mtengo. Tinkati chaka chamawa, tikakolola. Ndinkaganiza kuti nthawi tili nayo yambiri, ana inu, ndipo kunena zoona zimandiwawa.

Mukukumbuka tsiku lija ndinachoka pano malaya osasita, Mphatso n'kundithamangira ndi chipewa? Munaseka kuti agogo lero aiwala simbi. Uthenga wa imfa ya Saidi unabwera ndi mayi wina wogulitsa nsomba, dzuwa litakwera kale. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka ku boma. Kumeneko ya ku Khombedza inangoima kudikira kuti idzaze, kondakitala akuitanira anthu amene kunalibe. Ndinamuchonderera kuti tinyamuke, iye anandiyankha kuti, "Madala, maliro sathawa." Mwana ameneyo sankadziwa kuti maliro a anzathu a Chisilamu sagona. Nditafika ndinakumana ndi amuna akuchokera kumanda, atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, mulibe kanthu.

Mkazi wake anali atatsogola kale. Anandilandira ndi mwana wake wamwamuna, Amidu, amene anachoka kuno ali kumsana. Titapepesana ndinapirira kwa kanthawi, koma sindinathe kudzigwira.

"Mwana wanga, kodi bambo ako anakuuzako mawu amene ankafuna kunena pomaliza sewero lija?"

"Sewero lanji, bambo?"

"La ku Lifuwu. La goli. Tsiku limene anabwera ndi mpeni wawo wozingira uja."

Anandiyang'ana ngati ndasochera maliro. "Mwina mukunena munthu wina, bambo. Bambo athu sankazinga. Chikulire changa, nkhuku tinkapita nayo kwa aneba. Ankati iwo alibe dzanja lake."

Alibe dzanja lake! Saidi! Ine ndinkaganiza kuti dzanja silinali bwino Khirisimasi imodzi ija yokha, osadziwa kuti mpeni uja anaubweza m'chimake pabwalo la sukulu n'kusausololanso moyo wake wonse. Ndinalira pamenepo pamaso pa anthu osandidziwa, ndipo ndikhulupirira ndinkaoneka ngati kampango monga ankanenera mwini wake.

Chichokereni kumeneko ndaganizira mayankho ambiri. Mwina akanati, thawa usacheuke. Mwina akanati, ukakafika kwanu uzikanditchula dzina. Koma onsewo ndi anga, amamveka ngati a dobi. Lake analipeza ali panyanja, ndipo wapita nalo.

Chisomo, ukupukuta chiyani m'masomo? Madzulo ano ukaonere filimu ija kuyambira pamene unagonera, ukaimalize, ndiye ubwere udzatsutse bwinobwino, ndidzakumvetsera. Ayi Takondwa, mpeniwo ubweze kukhitchini, ndawaona maso akowo. Ukuganiza kuti ine sindinaganizepo zodula? Kudula n'kosavuta, khonje lakale ngati ili ngakhale nkhuku ingalidule polijompha. Koma chingwechi chikaduka ine ndiyenera kuimirira, kutembenuka ndi kufunsa kuti, "Nanga iwe?" Ndiye ayankhe ndani? Chikakhala chomanga chonchi ndiye kuti sewero silinathe, Saidi akadali kumbuyo kwanga, dzanja lake lili pakhosi panga, ndipo yankho akadali nalo.

Kwera pampandopo ulibweze pamene unalitenga. Mphatso, gwira mpando usagwedezeke. Mbali ya nsanzayo iloze pansi, kuti ndiziiona ndikamapuma masana. Pang'onopang'ono, mwana iwe, gwira ndi manja awiri. Eya, choncho. Kweza tsopano.

Bisimilahi.